Ayezi wa m'kompyuta ndi ayezi weniweni: mmene ndimawayanjanitsira

Tsiku loyamba limene ndinalowetsa zoyezedwa ndi satelayiti mu modelo ya ayezi wa panyanja, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera mmene ayezi amaundanira, amayendera ndi kusungunukira, ndinanyadira ngati mwana amene wamva dzina lake pa wailesi kuti wakhoza mayeso. Mapu a nyanja ya Barents, ya ku Arctic kumpoto kwa Norway ndi Russia, amene modelo inatulutsa Lolemba anafanana ndendende ndi chithunzi cha satelayiti. Pofika Lachisanu, ayezi yense amene ndinamuikapo anali atasungunuka, malire ake atabwerera pomwe anali kale, ngati sindinagwirepo ntchito iliyonse. Bambo wina wachikulire amene tinkagwira naye ntchito anasuzumira pa sikirini yanga, n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Kodi madzi a pansi pa ayezi wanuyu mwawasiya ofunda bwanji?" Ndinali ndisanawaganizire n'komwe. Ndinaika ayezi pamwamba pa madzi ofunda kuposa 0°C, pomwe madzi a m'nyanja yamchere amaundana akazizira kufika pafupifupi −1.8°C. Modelo sinalakwe. Inangosungunula chimene chinayenera kusungunuka.

Kuyambira pamenepo ndinaleka kuiona ntchitoyi ngati yopenta mapu. Chimene pa ntchito timachitcha data assimilation chili ngati kuweruza mlandu wa mboni ziwiri. Mboni yoyamba ndi modelo. Imadziwa malamulo a kutentha, a mphepo ndi a kayendedwe ka madzi, imayankha za malo onse ndi nthawi zonse, koma ikamayenda imanka nisochera. Mboni yachiwiri ndi zoyezedwa, kaya zachokera ku satelayiti, ku sitima kapena ku zida zoyandama. Iyi inaonadi ndi maso, koma inaona mbali imodzi, ndipo nayonso imaphonya. Inu mumvetsere onse awiri, muyeze kulemera kwa mawu a aliyense, mutulutse chithunzi chimodzi cha mmene nyanja ilili lero, chimene ulosi wa mawa, wa sabata yamawa kapena wa September, mwezi umene ayezi wa ku Arctic amachepa koposa, uyambirepo. Masamu ake saopsa. Chimene chimavuta n'chakuti satelayiti imaona pamwamba pokha, pomwe ulosi umatsamira pa zimene zili pansi. Ndikulembera munthu amene modelo ali nayo kale ndipo ikuyenda, Linux sim'chititsa mantha, koma assimilation sanaigwirepo.

Isiyeni kaye modelo iyende yokha

Musathamangire satelayiti. Poyamba isiyeni modelo iyende yokhayokha kwa zaka zingapo, mukuidyetsa mphepo, kutentha kwa mpweya ndi kuwala kwa dzuwa kuchokera ku ERA5, kaundula wa nyengo ya zaka zapitazi wa bungwe la ku Ulaya lolosera za nyengo la ECMWF, osaikonza ngakhale kamodzi. Kaya yanu ndi CICE yobadwira ku Los Alamos, SI3 imene imabwera ndi modelo ya nyanja ya NEMO, kapena neXtSIM ya ku Nansen Center ku Bergen, chochita ndi chomwechi. Kenako yerekezani ndi zimene masatelayiti akhala akuona kuyambira kumapeto kwa 1978. Muyang'anitsitse September wa 2007, ndiponso September wa 2012 pamene ayezi wa ku Arctic anatsika kufika pafupifupi masikweya kilomita 3.4 miliyoni, kuchepa koposa zaka zonse za satelayiti. Modelo imene silabadira zaka zoterozo ili ndi nthenda yake.

Ndimaumirira pamenepa chifukwa njira zambiri za assimilation zimatenga kuti modelo imaphonya mosakondera, lero kumanzere, mawa kumanja. Ngati yanu chaka ndi chaka imaunjika ayezi wochuluka m'nyanja ya Greenland, kumeneko si kuphonya wamba, ndi kupendekeka, ndipo mudzakhala mukulimbana nako sabata iliyonse ngati munthu wokolopa m'nyumba yodontha. Konzani denga. Onani kuchuluka kwa kuwala kumene ayezi ndi chipale chofewa zikubweza kumwamba, onani mmene mphepo ikukokera ayezi, onani kulimba kwake pokana kuphwanyika, kuja kumalembedwa P* m'masamu a Hibler, kumene ambiri amangokusiya pa 27,500 N/m² osakufunsa. Ulendo wopanda kukonzawu muusunge bwino. Mudzaufuna kumapeto, pofuna kudziwa ngati khama lanu lonse lapindula kanthu.

Mboni yachiwiri muidziwe bwino

Chimene tili nacho chochuluka, tsiku lililonse, ndi gawo la nyanja limene lakutidwa ndi ayezi m'bokosi lililonse la mapu, kuyambira 0 mpaka 100 peresenti. Timangoti concentration. Zida za pa satelayiti monga SSMIS ndi AMSR2, iyi ya ku Japan imene inakwera kumwamba mu 2012, sizijambula chithunzi ngati kamera. Zimamvetsera mafunde a microwave amene nyanja imatulutsa yokha, ndipo ayezi amatulutsa ambiri kuposa madzi. Ubwino wake, mitambo siziletsa kwenikweni, ndipo mdima wa miyezi yambiri wa kumpoto suzivuta. Mafayilo mungawatenge ku OSI SAF ya EUMETSAT, ku NSIDC ya ku Boulder, kapena ku yunivesite ya Bremen imene imapereka mabokosi a makilomita 6.25. Ine ndimakonda a OSI SAF pa chifukwa chimodzi: bokosi lililonse limabwera ndi nambala yonena kuti akulikayikira bwanji.

Kukayikako n'koyenera, chifukwa mboniyi ili ndi malo amene imanama. M'miyezi ya June ndi July chipale chofewa chimasungunuka, madzi n'kuchita zithaphwi pamwamba pa ayezi, ndipo satelayiti sitha kusiyanitsa chithaphwi ndi nyanja yotseguka. Imakuuzani kuti ayezi wachepa pomwe alipo, wangonyowa. Ayezi wamng'ono wongoundana kumene amaoneka wocheperapo kuposa mmene alili. M'mbali mwa gombe mtunda umasokoneza, n'kuoneka ngati ayezi. Pa nyanja yotseguka, mphepo yamkuntho ndi chinyezi cha mumlengalenga zimabala ayezi wabodza. Komanso diso la chidachi ndi lalikulu, limaphimba makilomita ambiri nthawi imodzi, choncho malire a ayezi amene ali akuthwa ngati mpeni limawaonetsa ofufutika.

Choncho musapereke nambala imodzi ya kuphonya ku nyanja yonse chaka chonse. Pakati pa Arctic m'nyengo yozizira ikhale yaing'ono, m'malire ndi m'nyengo yosungunuka ikhale yaikulu, ndipo mabokosi oyandikana ndi gombe ine ndimangowataya. Palinso msampha wina. Mabokosi oyandikana amaphonya mofanana, popeza anayezedwa ndi diso limodzi kudzera mumpweya umodzi. Mukawatenga ngati mboni zosiyana, muli ngati woweruza amene wamva nkhani kwa anthu khumi osadziwa kuti onsewo anaimva kwa munthu mmodzi. Aphatikizeni akhale mabokosi akuluakulu, kapena dumphani ena, kapena kwezani nambala ya kuphonya.

Tiyeni tione mmene kulemera kwa mawu kumawerengedwera, pa bokosi limodzi kumpoto kwa Svalbard, zilumba za Norway za ku Arctic. Modelo ikuti 80 peresenti, ndipo mukudziwa kuti imaphonya ndi 10. Satelayiti ikuti 60, ndipo imaphonya ndi 5. Chulukitsani kuphonya kulikonse ndi iko komwe: kwa modelo mupeza 100, kwa satelayiti 25. Gawani 100 ndi zonse pamodzi, 125, mupeza 0.8. Ndiye kuti pa kusiyana kwa 20 kuja mutsatira satelayiti magawo 8 mwa 10, yankho n'kukhala 64. Tsopano ikhale July, zithaphwi zili ponseponse, satelayiti ikuphonya ndi 20. Mugawa 100 ndi 500, mupeza 0.2, yankho n'kukhala 76. Manambala a mboni sanasinthe, chasintha ndi chikhulupiriro chanu pa iwo. Mtima wa njira imene Rudolf Kalman analemba mu 1960 ndi umenewu. Zina zonse ndi kufufuza mmene mungachitire zomwezi pa mabokosi mamiliyoni nthawi imodzi.

Njira iti?

Yosavuta koposa ndi kuikoka modelo pang'onopang'ono kuti iyandikire zoyezedwa, kumene timati nudging. Musainyoze. Modelo ya PIOMAS ya ku yunivesite ya Washington, imene anthu ambiri amatengako kuchuluka kwa ayezi wa ku Arctic, imakonza concentration ndi njira ya banja limeneli. Ngati kompyuta yanu ndi yochepa mphamvu, yambirani apa. ECMWF ndi Met Office ya ku Britain amagwiritsa ntchito NEMOVAR, ya mtundu wa 3D-Var, pomwe mumalemberatu nokha mmene kuphonya kwa modelo kumafalikira. Ndi yokhazikika ndiponso yachangu, koma zimene munalemberatu sizisintha ndi nyengo ya tsikulo.

Ine ndimatsamira pa ensemble Kalman filter, imene Geir Evensen anaifotokoza mu 1994. Mutu umodzi susenza denga: m'malo moyendetsa modelo imodzi, mumayendetsa zambiri, iliyonse yosiyana pang'ono ndi inzake, ndipo kusiyana kwawoko n'kumene kumakuuzani kuti modelo ikukayika pati ndipo ikukayika bwanji. TOPAZ4, imene inapangidwa ku Bergen polosera za nyanja ya Arctic, inakonzedwa ndi mamembala 100, kutanthauza mamodelo 100 oyenda pamodzi, ndi kukonza kamodzi pa sabata. Mtengo wake mwauona kale: chilichonse mumalipira ka 100. Koma phindu lake ndi limene ndinalisowa Lachisanu lija. Ensemble imakuonetsani yokha kuti mamembala amene ali ndi ayezi wambiri pamalo akuti alinso ndi madzi ozizira pansi pake, ndiye mukakonza chimodzi, chinzake chimatsatira.

Simusowa kulemba filter yanu kuyambira pachiyambi. PDAF ya ku Alfred Wegener Institute ku Bremerhaven ndi DART ya ku NCAR ku Boulder zilipo zaulere, ndipo zalumikizidwapo kale ndi mamodelo a ayezi.

Kuti mamembala asiyane, sokonezani zimene mukuwadyetsa, makamaka mphepo. Fridtjof Nansen, pa ulendo wa sitima ya Fram wa 1893 mpaka 1896, anaona kale kuti ayezi amayenda pa liwiro la pafupifupi 2 peresenti ya liwiro la mphepo, akupatukira kumanja kwake. Mphepo ikaphonya, malire a ayezi aphonyanso. Sokonezaninso kutentha kwa mpweya, mitambo ndi kugwa kwa chipale chofewa. Koma kusokonezako kukhale kwadongosolo, kofalikira makilomita mazana angapo ndi kokhala masiku angapo. Mukangomwaza manambala osiyana pa bokosi lililonse, amafafanizana okha, mamembala n'kutuluka ofanana ngati mapasa.

Kufanana kumeneku ndiye matenda aakulu a ensemble pa ayezi. Mu February pakati pa Arctic mamembala onse amati pafupifupi 100 peresenti. Palibe kusiyana, ndiye filter imaganiza kuti modelo siphonya, n'kutseka makutu. Satelayiti ikaona mng'alu waukulu wotseguka m'nyanja ya Beaufort, filter siimva. Mankhwala ake ndi kukulitsa dala kusiyana kwa mamembala pang'ono nthawi iliyonse mukakonza, komanso kupatsa membala aliyense P* wake ndi kakokedwe ka mphepo kake. Vuto lachiwiri ndi ubale wabodza. Ndi mamembala 100, zinthu ziwiri zosagwirizana n'komwe zimaoneka ngati zili ndi ubale wa pafupifupi 0.1, ndipo ndi mamembala 20 umapitirira 0.2. Mukapanda kusamala, choyezedwa cha ku Hudson Bay ku Canada chisintha ayezi wa ku nyanja ya Laptev kumpoto kwa Siberia. Ikani malire a mtunda umene choyezedwa chimodzi chingafike, mphamvu yake izinka nizilala bwinobwino monga mwa njira ya Gaspari ndi Cohn ya 1999. Ine ndimayamba ndi makilomita 300, kenako n'kumachepetsa pa concentration, chifukwa malire a ayezi ndi nkhani ya pafupi.

Musanakhudze deta yeniyeni, dziyeseni nokha. Tengani ulendo umodzi wa modelo muutche choonadi, mupange zoyezedwa zabodza kuchokera pamenepo, muonjezere kuphonya kumene mukukudziwa, kenako muone ngati filter ikuchipeza choonadicho. Ikalephera pamene inu mukudziwa yankho, ku Arctic weniweni siingathe. Ine ndinapeza motere kuti ndinali nditatembenuza mizere ya mapu, moti zoyezedwa za ku Alaska zinkagwera ku Siberia. Masabata awiri anapita pachabe, ndipo wolakwa ndinali ine ndekha.

Pansi pa chimene satelayiti yaona

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ili, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Filter yanena kuti bokosi lakuti likwere kuchoka pa 20 kufika pa 60 peresenti. Chabwino. Ayezi watsopanoyo akhale wokhuthala bwanji? Satelayiti sinanene. Mukasiya voliyumu ya ayezi m'bokosimo osaisintha, ndiye kuti mwatenga ayezi yemwe uja n'kumupapatiza ngati chapati, ndipo asungunuka msanga. Mukachita zosiyana, kuchepetsa concentration voliyumu ili chomwecho, mupeza chipilala cha ayezi cha mamita ambiri chitaima pa kadontho. Ndinazionapo zimenezi, modelo n'kuima pakati pa usiku. Njira imene imandithandiza ndi kusunga makhuthalidwe a ayezi amene analipo, voliyumu n'kumakwera kapena kutsika pamodzi ndi concentration. Pamene panalibe ayezi n'komwe, ndimaika wopyapyala, wosapitirira theka la mita, chifukwa ayezi wa m'malire kawirikawiri ndi wamng'ono msinkhu.

CICE ndi SI3 zimagawa ayezi wa m'bokosi limodzi m'magulu monga mwa makhuthalidwe ake, kawirikawiri asanu, kuyambira wopyapyala mpaka wa mapiri ophwanyikana. Satelayiti imapereka nambala imodzi ya onse pamodzi. Muyenera kusankha kuti kusinthako kugwere gulu liti. Ndi ensemble, lolani filter ikonze gulu lililonse palokha, osati chiwerengero chonse kenako n'kugawa mofanana. Zili ndi kanthu chifukwa ayezi wopyapyala amakula msanga m'nyengo yozizira ndi kutha msanga m'nyengo yotentha, pomwe wokhuthala amachedwa pa zonse ziwiri. Mukaika kusintha m'gulu lolakwika, mapu a lero aoneka bwino, a mwezi wamawa ayi.

Ndiye madzi aja. Paliponse pamene mwaonjezera ayezi, kutentha kwa madzi a pamwamba kutsikire kufupi ndi pomwe amaundanira. Pamene mwachotsa ayezi m'nyengo yozizira, muyembekezere kuti madziwo akakhala pa −1.8°C, mpweya wa −30°C uli pamwamba, ayezi abwereranso m'masiku ochepa. Nthawi zina zimenezo n'zoona, nthawi zina zikutanthauza kuti modelo yanu ikusowa kutentha kumene nyanja yeniyeni ili nako. Choncho lowetsani kutentha kwa pamwamba pa nyanja pamodzi ndi concentration, osati chimodzi lero china mawa.

Mchere ndiye wochenjera. Ayezi akamaundana amalavula mchere wambiri m'madzi a pansi pake, akamasungunuka amathira madzi opanda mchere wambiri pamwamba. Ndiye pamalo pamene ayezi wachepa chifukwa chosungunuka pomwepo, madzi amakhala ochepa mchere. Koma kumadzulo kwa Svalbard ndi m'nyanja ya Barents, ayezi amachepa chifukwa kwafika madzi ofunda a ku Atlantic, amene ndi amchere kwambiri. Chizindikiro chimodzi, zifukwa ziwiri zotsutsana, nthawi zina pa mtunda waufupi. Lamulo lolemberatu silingagwire zonse ziwiri. Ensemble imatha, ndipo n'chifukwa chake ndimalolera mtengo wake.

Filter ikamaliza, sesani m'mbuyo mwake. Masamu a Kalman sadziwa kuti concentration singatsike pansi pa 0 kapena kupitirira 100. Mupeza 104 peresenti apa, makhuthalidwe a −0.1 apo, chipale chofewa chili pa bokosi lopanda ayezi. Dulani zopitirira, chotsani tizidutswa topanda tanthauzo, onetsetsani kuti gulu lililonse lili m'malire ake, ndipo ayezi watsopano mum'patse kutentha ndi mchere wa m'kati mwake. Koma muziwerenga kuti mwadula zochuluka bwanji. Kudula manambala otsika pansi pa 0 nthawi zonse kumaonjezera ayezi mwakabisira, ndipo pakatha chaka kumaoneka.

Makhuthalidwe, ngati mukufuna kulosera patali

Pa ulosi wa masiku ochepa, concentration ndi mphepo yabwino zimakufikitsani patali. Pa ulosi wa miyezi, chimene nyanja imakumbukira ndi makhuthalidwe a ayezi ndi kutentha kosungidwa m'madzi. Ayezi wa mamita atatu mu April ali ndi mwayi woona September, wa mita imodzi mwayi wake ndi wochepa, ngakhale onse awiri pa satelayiti ya microwave amaoneka 100 peresenti. Ed Blockley ndi Drew Peterson a ku Met Office anaonetsa mu 2018 kuti kuyamba ulosi ndi makhuthalidwe a CryoSat-2 kumawongola ulosi wa September.

CryoSat-2, ya European Space Agency, inakwera mu April 2010. Siyeza makhuthalidwe mwachindunji. Imayeza kamsinkhu ka ayezi kamene katumphuka pamwamba pa madzi, ndipo zotsalazo ndi masamu a kuyandama. Tengani madzi olemera makilogalamu 1024 pa kiyubiki mita, ayezi 917, chipale chofewa 300. Ayezi atatumphuka masentimita 20, atasenza chipale chofewa cha masentimita 20, makhuthalidwe ake ndi pafupifupi mamita 2.5. Tsopano onani kuopsa kwake. Kuphonya sentimita imodzi yokha pa kutumphukako kumabala kuphonya kwa pafupifupi masentimita 10 pa makhuthalidwe. Kuphonya masentimita 10 pa chipale chofewa kumabala pafupifupi masentimita 28. Ndipo kwa zaka zambiri kuya kwa chipale chofewa kwakhala kukutengedwa pa mapu a Warren ndi anzake a 1999, ochokera ku miyezo ya misasa ya Soviet Union yoyandama pa ayezi pakati pa 1954 ndi 1991, nthawi imene ayezi wokalamba anali wochuluka kuposa lero. Mboni iyi muilemekeze, koma muipatse kuphonya kwakukulu.

Pa ayezi wopyapyala CryoSat-2 imafooka, ndipo mpamene satelayiti ya SMOS, ya 2009, imalowa. Iyo imamva bwino ayezi wosafika theka la mita, kupitirira apo imayamba kugontha. Alfred Wegener Institute imaphatikiza ziwirizi kukhala CS2SMOS, kuyambira October mpaka April. Kwa woyamba kumene, yambani ndi imeneyi. Mukazolowera, ganizirani zolowetsa kutumphuka kwenikweniko, modelo yanu izisandutsa yokha makhuthalidwe ake ndi chipale chofewa chake kukhala kutumphuka, kuti musatengere maganizo a munthu wina pa za chipale chofewa. ICESat-2 ya NASA, ya 2018, imayeza ndi laser pamwamba pa chipale chofewa, pomwe radar ya CryoSat-2 imalowa m'kati mwake, ndiye musasakanize manambala a ziwirizi ngati chinthu chimodzi.

Chowawa n'chakuti miyezo yodalirika imathera mu April, pomwe kafukufuku waonetsa kuti ulosi wa September woyambitsidwa isanathe May umavuta kwambiri kuposa woyambitsidwa mu June, kusungunuka kutayamba. Nthawi imene mukuifunitsitsa mboniyi ndi imene zithaphwi zimaitseka maso. Zimene munalowetsa m'nyengo yozizira ziyenera kukhala zolondola mokwanira kuti modelo izinyamule yokha kuwoloka miyezi imeneyo.

Za kum'mwera ndingonena mwachidule. Ku Antarctica ayezi ambiri ndi wa chaka chimodzi, wopyapyala, ndipo chipale chofewa chimalemera mpaka kum'miza pansi pa madzi, motero masamu a kutumphuka aja amasokonekera. Mafunde a Southern Ocean amam'phwanya makilomita ambiri kulowa m'kati. Zimene munakonzera Arctic musangozinyamula n'kukazitula kumeneko. Komatu ofuna ulosi alipo: sitima ya S.A. Agulhas II imanyamuka ku Cape Town kukapereka katundu ku msasa wa dziko la South Africa wa SANAE IV, ndipo ndi sitima yomweyi imene inapeza Endurance, sitima ya Ernest Shackleton imene inamira mu 1915, pa 5 March 2022 m'nyanja ya Weddell, pa kuya kwa mamita 3008, ikugwira ntchito pakati pa ayezi woyenda.

Kodi zathandiza?

Musadziyese ndi deta yomwe munalowetsa. Kumeneko n'kudzilembera mayeso n'kudzichongera nokha. Fufuzani mboni zina. Pa malire a ayezi pali mapu ojambulidwa ndi akatswiri a Norwegian Ice Service ku Tromsø ndi a U.S. National Ice Center, ochokera kwambiri ku zithunzi za radar. Pa makhuthalidwe pali zida zomangidwa pansi pa nyanja ya Beaufort kuyambira 2003 zoyeza ayezi kuchokera pansi, maulendo a ndege a Operation IceBridge a 2009 mpaka 2019, ndi miyezo ya MOSAiC, pamene sitima ya Polarstern inatengeka ndi ayezi kuyambira 2019 mpaka 2020. Pa kayendedwe pali zida zoyandama za International Arctic Buoy Programme.

Musadalirenso chiwerengero cha kukula kwa ayezi yense wa ku Arctic. Mungakhale ndi wochuluka ku Barents ndi wochepa ku Bering, ziwirizo n'kufafanizana, nambala n'kuoneka yokongola pomwe kaputeni wa sitima mwam'namiza mbali zonse. Gwiritsani ntchito muyezo umene Helge Goessling ndi anzake anaufotokoza mu 2016, wotchedwa IIEE. Jambulani malire pa 15 peresenti, werengani malo onse amene ulosi unati pali ayezi pomwe palibe, muonjezere malo amene unati palibe pomwe alipo.

Ndipo muyerekeze ndi opikisana nawo atatu: ulendo wopanda kukonza uja munasunga, chizolowezi cha zaka zapitazi pa tsiku lomwelo, ndi munthu waulesi amene amangoti mawa kudzakhala ngati lero. Waulesiyu ndi wovuta kum'gonjetsa m'masiku oyambirira kuposa mmene mungaganizire. Jambulani kuphonya kwanu tsiku ndi tsiku kuchokera pomwe ulosi wayambira. Mzere wanu ukathamangira kukakumana ndi wa ulendo wopanda kukonza m'masiku anayi kapena asanu, mwachita zomwe ndinachita ine, mwakonza pamwamba pokha.

Mmawa uliwonse ndikatsegula kompyuta, ndisanaone ulosi, ndimaona zinthu ziwiri. Choyamba ndi kusiyana pakati pa zoyezedwa ndi zimene modelo inanena isanakonzedwe. Kukula kwake kuyenera kugwirizana ndi kusiyana kwa mamembala kuphatikiza kuphonya kumene ndinapatsa satelayiti. Kukakhala kwakukulu kuposa pamenepo, filter ikudzikhulupirira mopambanitsa, ndipo ndimakulitsa kusiyana kwa mamembala. Chachiwiri ndi mapu a zimene filter yaonjezera kapena kuchotsa, ophatikizidwa pa miyezi itatu. Akakhala amawangamawanga, ndimapita kukaphika tiyi. Akakhala ndi chibanga cha mtundu umodzi pamalo amodzi, tinene filter ikuchotsa ayezi kum'mwera kwa Barents sabata ndi sabata, ndimazimitsa assimilation, n'kubwerera ku ulendo wopanda kukonza, kukayeza madzi ofunda a ku Atlantic amene modelo ikulowetsa pakati pa Norway ndi Bear Island.